Poto Anabwerera Ali Chimangire

Nkhani zazifupi ndimalemba ndikapsa mtima, ndipo mtima wanga suchedwa kupsa. Anzanga pasukulu imene ndimaphunzitsa amati akandiona ndikudutsa pakhonde nsidze zitakumana, amadziwa kuti sabata yamawa wina awerenga za mlonda wochotsedwa ntchito popanda chifukwa, kapena za mayi wamasiye wotulutsiridwa katundu panja mvula ikugwa. Sindikana. Mu Lusaka muno nkhani zotere sizisowa. Ukakwera minibasi ku Kabwata, pofika m'tauni wamva kale zokwana kulemba mwezi wathunthu. Kalembedwe kanga kanali kamodzi: wozunzidwa uku, wozunza uko, ine pakati ndi chikwapu. Wozunzayo nthawi zambiri ankakhala kuseri kwa mpanda wautali wa mawaya amagetsi, ali ndi galu wonenepa kuposa mlonda wake. Ndikamukwapula pa pepala mtima unkatsika, nsidze nkubwerera m'malo mwake.

Pali nkhani imodzi imene ndinailemba momwemo, anthu nkuiyamikira, koma ine ndikaipeza ndimatseka buku. Ndi nkhani ya amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga.

Amayi aang'ono ankakhala ku Kabwata, mdadada woyandikana ndi wathu. Amuna awo, amene ankayendetsa lole ya fakitale ina ku Heavy Industrial Area, anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo asanayambe sukulu. Mwanayo, mtsikana, ndi mng'ono wanga, pakuti kwathu mwana wa amayi aang'ono satchedwa msuweni. Anamulera ndi mapoto. Ntchito yawo inali kuphika pa chilanga mulilo, mwambo umene a kuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu, nkuzimanga m'mapoto ndi zitenje, nkuzisenza ndi ng'oma kupita kwa mkamwini ukwati usanachitike, kuti aone zimene azikadya m'nyumba mwake. Mwambowu ndi wa Abemba, koma mu Lusaka aliyense anaulowa, ngakhale ife a Kum'mawa amene makolo athu sankaudziwa. Masiku ano mwana wako akakwatiwa popanda chilanga mulilo, anthu amafunsa ngati munachita kumutola.

Ankaphika zonse: nkhuku ya kumudzi, mapazi a ng'ombe, nsomba zouma zotendera, bowa, nkhwani, kholowa, mphalabungu. Koma dzina lawo linali pa chikanda, chakudya cha timizu takutchire chimene chikapsa amachidula ngati nyama. Ndinkawaperekeza ku msika wa Soweto kukagula timizu take, ndipo ulendo umenewo unali chilango kwa ine, chifukwa ankasankha kamodzikamodzi, kuluma, kulavula, kubweza.

"Ivi mwasunga kuchokela chaka chatha," ankawauza ogulitsa. "Mufuna nikachite nsoni pa banthu?"

Kunyumba ankasinja, kusefa, kusakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola, kutakasa pa mbaula mpaka mthiko kuima wokha, kenako nkuika makala amoto pa chivundikiro. Makalawo ankatola ndi zala. Mchere ankauyesa pachikhatho, kudontheza nkunyambita, ndipo palibe amene ankaonapo cholakwika. Azimayi a ku Woodlands ndi ku Kabulonga ankabwera okha ndi magalimoto awo, kuima pansi pa mdadada nkuliza hutala, kuwachonderera kuti Loweruka lakutilakuti asalonjeze wina.

Tsoka silinunkha. Kunayamba kabanga koyera pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kudzanja lamanja. Tonse tinati apsa ndi mafuta. Kabangako sikanapole, chifukwa sikanali bala. Kanakula, kanatulukira kudzanja linalo, kanakwera m'mikono, kenako kanafika m'mbali mwa milomo. Khungu loderalo linkangochoka mtundu, nkutsala loyera ngati mkati mwa chinangwa. Sankamva kuwawa, ngakhale kuyabwa. Kuchipatala anawauza kuti si khate, sizipatsirana, komanso kulibe mankhwala obwezera khungu mwakale. Anabwerako akuseka.

"Ati nilibe matenda. Ni penti chabe yasila."

Koma dokotala ndi mmodzi, pakamwa pa anthu ndi pambiri. Kutchalitchi ena anati akudzola mafuta oyeretsa khungu, nkhalamba yosadziwa zaka zake. Ena anati anasambitsa maliro osasamba mankhwala. Ena anati ndi matenda aja, akungobisa. Mayi wina, amene anadya chikanda chawo pa maukwati a ana ake onse, anandiuza ine ndemwe kuti munthu akamalemera ndi mapoto pamakhala chimene amathiramo, ndipo chinthucho chimadzatenga malipiro ake pakhungu. Kulemera kwake kuti? Amayi aang'ono analibe ngakhale firiji yogwira ntchito. Mayiyo ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo mpaka lero tikakumana amawoloka msewu.

Ntchito sinathe tsiku limodzi. Poyamba eni maukwati ankawabweretsera magolovesi apulasitiki, akuti ndi mmene akuchitira masiku ano. Anavala, magolovesiwo nkumasungunuka pa mbaula. Kenako anayamba kuwaikira mbaula kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, kuti alendo asaone amene akuphika. Chikanda chikapsa, mayi wina ndiye ankachitulutsa nkulandira mayamiko. Anapirira zonsezo. Pambuyo pake foni inangoti zii. Loweruka linkawapeza atakhala pakhonde, atasamba, mthiko wawo waukulu uli m'thumba, kuti mwina wina angabwere mochedwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinachitika pamaliro a wachibale ku Woodlands. Pamaliro palibe wolemba mnzake ntchito. Mayi aliyense amangomanga chitenje nkupita kumoto. Amayi aang'ono anagwira mthiko monga mwa nthawi zonse. Mayi wina wa mumpingo anabwera mwaulemu wonse, nkuwachotsa mthikowo m'manja pang'onopang'ono, mmene amachotsera lumo m'manja mwa mwana.

"Pumulani, amai, mwalema. Ngati mufuna kuthandiza, nkhuni zili uko."

Ine ndinali pomwepo ndikudula anyezi. Ndinaimirira.

"Balema liti? Tafika manje manje. Kambani chabe vamene mufuna kukamba!"

Amayi aang'ono anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikaba nsinjiro.

"Iwe, pano ni pamalilo. Nkhala pansi."

Ndinakhala. Iwo anapita kukatola nkhuni, nkumasonkhezera mapoto a anzawo mpaka madzulo. Pobwerera, mu minibasi, anandiuza kuti pakamwa panga padzandiphetsa. Za mthiko sanatchule.

Nthawi imeneyo mng'ono wanga uja anali atamaliza maphunziro, akugwira ntchito muofesi ina m'tauni. Anali mtsikana wofatsa, waukhondo, wodana ndi phokoso, wosiyana nane pa chilichonse. Anapeza mwamuna wa ku Kabulonga, mnyamata waulemu ndithu, ndilibe naye mlandu. Atamva kuti nkhani yafika pa ukwati, amayi aang'ono anatsitsimuka ngati ndiwo zofota zikawazidwa madzi pamsika. Anatulutsa mapoto kunsi kwa bedi, nkuwakwecha ndi phulusa mpaka munthu kudziona nkhope. Anali ataphikira ana a eni ake mu Lusaka monse, tsopano inakwana nthawi ya wawo.

"Uyu ni wanga," anandiuza. "Apa palibe azanituma ku nkhuni."

Koma a kuchimuna anali atawaona manja tsiku lodzadziwana. Ine ndinalipo. Amayi a mnyamatayo anapereka moni wa padzanja kwa aliyense, atafika pa amayi aang'ono anangowomba m'manja nkupinda mawondo, ulemu wochuluka wobisira kunyansidwa. Tiyi amene anapatsidwa anazizirira m'kapu. Patapita masabata angapo ankhoswe anabwera ndi uthenga wokutidwa m'mawu okoma: banja la kuchimuna lili ndi anthu a m'mimba movuta, choncho lingakondwe zakudya za chilanga mulilo zitaphikidwa ndi kampani yophika. Anafunsanso, mongodutsa, ngati za khunguzo ndi za kumtundu.

Ine ndinati tiwauze kuti mwana wawoyo akwatire kampaniyo. Amalume anandiuza kuti nditseke pakamwa. Mayi anga analira. Mng'ono wanga anakhala pakona, maso ali pa foni. Abale anagwirizana kuti tisaononge ukwati wa mwana chifukwa cha mapoto. Amayi aang'ono anamvetsera zonsezo manja atawapinda m'chitenje, ndipo anthu atatha mawu, anapempha chinthu chimodzi.

"Vonse baphike ba kampani, nilibe mau. Koma chikanda nisiyileni. Poto imodzi chabe. Mwana wanga asayende kwa bene alibe kanthu kochoka m'manja mwa amai bake."

Palibe amene analimba mtima kuwakana. Tinapangana kuti potoyo apite pakati pa enawo, a kuchimuna osauzidwa.

Tsikulo anadzuka m'mamawa. Chikanda chimenecho ndinachiona chikupsa, chofiirira, chosalala pamwamba, fungo lake lotsika masitepe mpaka pansi. Anachimanga okha ndi chitenje, mfundo yolimba pamwamba, nkundisenzetsa ine. Mkwatibwi ndi mayi ake amatsala kunyumba, choncho tinawasiya awiriwo pakhomo, ife nkukwera basi ya hayala ndi mapoto athu ndi oimba ng'oma.

Ku Kabulonga mlonda anatsegula geti, tinalowa tikuimba, mapoto ali pamutu, tikuponda udzu wobiriwira pakati pa chilimwe. Tinatula zonse pamphasa, patsogolo pa mkamwini. Mwambo wake ndi wakuti mlangizi, mayi wophunzitsa za banja, amamasula mfundo ya poto aliyense ndi mano, osati ndi manja. Mlangizi wa kuchimuna anagwada nkuyamba, mmodzimmodzi. Akavundukula, ng'oma nkukwera, akazi nkuimba nthungululu, mkamwini nkulawa. Atafika pa poto amene ndinasenza ine, sanaweramitse mutu. Anamukankhira pambali ndi chigongono nkupitirira kwa wotsatira. Ndinaganiza kuti abwererako. Mapoto anatha, nyimbo zinasintha, anthu anayamba kugawira zakudya m'mbale.

"Mwaibala iyi," ndinatero mokweza.

Mayi anga, amene anali pambali panga, ananditsina pantchafu mpaka misozi inalengeza. Mlangizi uja anamwetulira.

"Vakudya vachuluka, mwana wanga. Iyo tizaona mailo."

Ndinayang'ana amayi a mkamwini. Anali akukonza mphete zawo zagolide, maso ali kwina. Titatsanzika, wantchito wa m'nyumbamo anandithamangira pageti atanyamula potoyo ndi nsalu yopukutira mbale kuti asamukhudze.

"Ati mutenge."

Anali chimangire. M'basi ndinamuika pamiyendo, akadali wofunda. Ndinauza mayi anga kuti titsike panjira, tigawire ana a m'misewu, tikanene kuti a ku Kabulonga adya mpaka kunyambita zala. Mayi anga anati bodza lotere silikhalitsa, m'basi muli pakamwa pambiri. Tikukanganabe choncho tinafika, chifukwa Kabulonga ndi Kabwata si patali ngati mmene anthu ake amatalikirana. Amayi aang'ono tinawapeza ataima kumsewu.

Potoyo anamulandira, nkuyang'ana mfundo ija, osati ine.

"Mwalema. Ngenani mumwe madzi."

Madzulo anamasula okha, anadula chikandacho nkuika patebulo. Palibe amene chinamutsika pakhosi. Anachidya okha masiku otsatirawo, m'mawa ndi tiyi, madzulo chokhachokha, mpaka chinatha. Anati chakudya sichilakwa.

Ukwati unachitika, unayenda bwino, anthu anavina. Amayi aang'ono anakhala kutsogolo atavala magolovesi aatali a lesi amene mwana wawo anawagulira, ndipo pazithunzi amaoneka okongola. Pambuyo pake mapoto anawagawa kwa abale. Nyumba ya ku Kabwata inawakanika, anasamukira ku Chelstone, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya wachibale wina, nkuyamba kugulitsa makala m'mbali mwa msewu, othira m'timapepala tapulasitiki. Makala anthu amagula kwa aliyense. Fumbi lake linkadetsa manja onse mofanana, ndipo anandiuza kuti papita nthawi asanakhale pamalo pamene munthu sawayang'ana manja. Ananena ngati nkhani yabwino. Ine ndinapita kuseri kukalira.

Chaka chotsatira mng'ono wanga anabereka mwana wamkazi. Kwathu mwana woyamba akabadwa, mayi wa mkazi ndiye amapita kukasambitsa khandalo ndi kuthowa mwana wake ndi madzi otentha. Amayi aang'ono analongeza kachikwama, anadula zikhadabo, anakhala masiku osagwira makala kuti manja ayere. Uthenga unabwera wakuti asavutike, kuli namwino wolembedwa ntchito. Mdzukulu wawoyo anamuona pa foni yanga.

Apa ndi pamene ndinalemba. Mayina ndinasintha, koma chikanda ndinachisiya, poto ndinamusiya, mfundo ndinaisiya. Mpongozi wa mphete zagolide uja ndinamupaka matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi: wonyada, wosadziwa kukoleza mbaula, wopemphera mokweza Lamlungu. Ndinalemba ndikukukuta mano, ndipo ndinasangalala. Kumapeto kwa nkhaniyo mkamwini anapeza potoyo kukhitchini, anamasula, analawa, anafunsa amene waphika, ndipo banja lonse linatsika ndi magalimoto kudzagwada pamaso pa mayi wa manja a mawanga. Ndinkaona ngati ndawabwezera amayi aang'ono kanthu kena, ngakhale pa pepala pokha.

Loweruka lina masana ndinapita ku Chelstone kukawawerengera. Anandipatsa chigubu chopanda madzi kuti ndikhalepo, iwo anakhala pa thumba la makala. Ndinkaima wogula akabwera, akachoka nkupitiriza. Pa za ku Soweto anaseka, anati ndawanamizira, sankaluma zonse. Pa za maliro anangoti, "Mm." Nditafika pogwada paja anaseka mpaka kutsokomola.

"Baja banthu kugwada? Pa malasha pano? Iwe, bodza ili na malile. Chosapo ivo."

Ndinati chabwino, ndichotsa. Ndinali nditayamba kupinda mapepala pamene anafunsa, maso ali pa timapepala timene ankamanga.

"Manje mu nkhani yako, banaziba bwanji kuti poto yanga ni iti? Zonse zinali zomanga na chitenge chimodzi."

Nthawi yonseyo funso limeneli silinandibwererepo m'mutu. Mkwiyo unali utandipatsa kale munthu womuda, ndipo sindinafunenso zina. Ndinati mwina wina wa m'basi anatsina khutu mlangizi uja. Anapukusa mutu.

"Pamene munayenda, tinasala babili. Ine nenze pa mpando, eve anangena ku bedroom. Uziba zipupa za ku Kabwata. Ninamumvela pa foni na bapongozi bake. Ati, 'Ni ija yamene banyamula ba sisi. Sorry mami, sininakwanise kubalesa.'"

Anamanga kapepala kena, nkukaika pamulu.

"Mami. Anabaitana mami."

Ndiye kuti pamene ife tinkaimba m'basi, tisanafike nkomwe ku Kabulonga, iwo ankadziwa kale kuti potoyo abwerera. Anakhala tsiku lonse m'nyumba imodzi ndi mwana wawoyo, anamuphikira tiyi, anamusitira diresi, kenako anatsika kukaima kumsewu kudikira chikanda chawo. Sanauzepo munthu, ngakhale mayi anga.

Mutu wanga unatentha. Ndinaimirira, chigubu nkugubuduka. Ndinati ndikupita ku Kabulonga pompano, ndikamukoke mtsikanayo tsitsi pamaso pa mlonda ndi galu, ndikamufunse kuti sukulu imene amanyadirayo inachokera m'manja mwa yani. Ndinati nkhaniyo ndiilemba mwatsopano, aliyense adziwe. Ndinanena zambiri, anthu odutsa nkumatembenuka. Amayi aang'ono anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Wasiliza? Nkhala pansi. Anayopa, iwe. Anaona vamene banthu bananichita ine. Mu ija nyumba bamuyangana manja naeve, m'mawa uliwonse, kuona ngati vayamba. Naye mwana bamuyangana. Ufuna achite bwanji? Ali na chikwati chosunga."

"Manje imwe, amai? Imwe azakusungani ni ndani?"

Anatola mapepala anga amene anagwa pansi, nkuwakuntha, nkusiyapo zidindo za zala zakuda.

"Siya mwamene walembela. Bapongozi baja sibazamvela kubaba, bali na mpanda. Mwana wanga musiye. Akabelenga, asazipezemo."

Ulendo wobwerera ndinakhala ngati wodwala. Nkhani yaifupi imafuna munthu mmodzi womuloza chala, makamaka wa kutali, woti wowerenga amude popanda kutaya kanthu. Apa chala ndikanaloza yani? Mpongoziyo analakwa, inde. Mlangizi analakwa, azimayi a pamaliro analakwa, abale amene tinavomera za kampani tinalakwa. Koma amene anabaya penipeni anali mwana wamantha, woleredwa ndi manja omwewo, ndipo wobayidwayo ndiye ankamuikira kumbuyo. Chikwapu changa chinalibe pogwera. Kuyambira tsiku limenelo ndimakayika ngati nkhani zanga zinathandizapo wozunzika ndi mmodzi yemwe, kapena zimangotithandiza ife owerenga kumva kuti oipa ndi ena.

Ndinamvera amayi aang'ono. Kugwada kuja ndinachotsa, nkhaniyo inathera pageti, wantchito akupereka poto. Inatuluka m'kabuku ka nkhani zazifupi kamene anzathu ena anasonkhanitsa. Anthu anaikonda. Aphunzitsi anzanga anatukwana mpongozi uja pa tiyi, wina anati anthu a ndalama alibe umunthu, onse nkuvomera. Mayi wina amene ndikudziwa kuti anali pamoto paja ku Woodlands anandigwira dzanja kutchalitchi nkundiuza kuti inamuliritsa.

Patapita masabata angapo foni inalira, ali mng'ono wanga. Tinali titakhala nthawi yaitali osalankhulana.

"Ba sisi, nabelenga nkhani yanu."

"Eya."

"Mwalemba zoona. Bapongozi banga ni bovuta maningi."

Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi. Kumbali kwake ndinkamva mwana akusewera ndi zitsulo za kukhitchini. Kenako mng'ono wangayo anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ba mami baiona?"

"Ninababelengela."

"Banakamba chani?"

Zonse zinali pa lilime langa, zokonzeka, zotentha. Ndinaona amayi aang'ono atakhala pa thumba lawo lija, ndipo ndinameza.

"Banakamba ati ili bwino."

Ndinamumva akutulutsa mpweya wautali. Anati zikomo, anati ndilembe zina, anati ndikapita ku Chelstone ndikawapatse moni. Anadula foni.

Moniwo ndinakapereka Loweruka lotsatira. Amayi aang'ono anali akuthira makala m'kapepala, wogula ataima. Atamva kuti mwana wawo waimba foni ndipo wawatchula, anasiya zonse, anapukuta manja pachitenje, nkhope yonse nkuwala. Anandifunsa kuti mawu ake amamveka bwanji, ngati wanenepa, ngati akudya. Anafunsa ngati mdzukulu wayamba kuyenda, ndinati akuthamanga kale. Mwanayo sanamugwirepo chibadwire.

"Sanakambe kuti azabwela liti na mwana?"

"Sanakambe, amai."

Anagwedeza mutu. Wogula uja anatsokomola, iwo anawerama nkupitiriza kumuthirira makala.